Madzi samvera GPS: mafunso ndi mayankho pa geoid ndi kuyeza kukwera kwa malo

Kuno ku Blantyre za chitunda ndi chitsetse aliyense amazidziwa ndi miyendo yake. Wokhala ku Chilomoni, ku Bangwe kapena m'tsinde mwa phiri la Soche safuna mapu kuti adziwe komwe madzi a mvula adzadutse, ndipo minibasi ikamabuula pokwera kuchoka ku Ginnery Corner kulowera ku Limbe, tonse timamva m'thupi kuti tikukwera. Koma kutulutsa nambala yoti pano ndi pokwera mamita akuti, nambala yoti injiniya ayikirepo thanki kapena akumbirepo ngalande, ndi ntchito ina ndithu. Mafunso ali m'munsiwa ndakhala ndikuwamva pa ntchito ya savei, ena kuchokera kwa eni mapuloti, ena kwa amisiri, ena kwa ophunzira omwe amabwera kudzagwira nafe pa tchuthi.

Foni yanga ikunena kukwera kwina, mapu akunena kwina, makina a saveya akunenanso kwina. Wabodza ndani?

Mwina palibe. Anthu awiri akhoza kuyeza kuya kwa chitsime chimodzi, wina kuyambira pa kakhoma ka pakamwa pake, wina kuyambira pa dothi, ndipo onse n'kunena zoona ngakhale manambala awo asiyane. Vuto limabwera akapanda kuuzana pomwe ayambira.

Makina a GPS amamvera masetilaiti omwe ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kumwamba, n'kuwerengera kukwera kwanu kuchokera pa chinthu chongopeka cha masamu chotchedwa ellipsoid. Mapu a boma amawerengera kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Zoyambira ziwirizi sizigona pamodzi. Kuwonjezera apo, foni ndi yolakwitsa mwa iyo yokha: pa kukwera imatha kuphonya ndi mamita angapo, kuposa mmene imaphonyera pokuuzani msewu womwe muli, chifukwa masetilaiti onse amakhala kumwamba kwanu ndipo palibe ndi imodzi yomwe yokuonani kuchokera pansi. Komanso mukatenga mapu akale aja a 1:50,000, onetsetsani kaye, chifukwa ambiri analembedwa m'mafiti, ndipo fiti imodzi ndi mamita 0.3048.

Mukamati "pamwamba pa nyanja", mukunena nyanja iti poti Malawi alibe nyanja yamchere?

Si nyanja ya Malawi ayi. Iyo yomwe ili pokwera, pafupifupi mamita 474 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo imakwera n'kutsika chaka ndi chaka. Chodabwitsa n'choti pomwe yazama kwambiri, mamita pafupifupi 700, pansi pake papitirira mulingo wa nyanja yamchere ndi mamita oposa 200.

Mulingo womwe timanena umapezeka pa doko. Amaikapo chida cholemba kukwera ndi kutsika kwa madzi usana ndi usiku kwa zaka zambiri, makamaka zokwana 19 chifukwa kayendedwe ka mwezi kali ndi mkombero wa zaka 18.6, kenaka n'kutenga pakatikati. Pamenepo ndiye pa ziro. Dziko lopanda doko ngati lathu limachita kutengera ziroyo kwa oyandikana nalo, asaveya n'kuyenda nayo pang'onopang'ono ndi levulo, chida choyezera kusiyana kwa kukwera pakati pa malo awiri, kuchokera kugombe kulowera kumtunda, akusiya zizindikiro m'njira. Ulendo wautali chonchi susowa zolakwika zing'onozing'ono zomwe zimaunjikana, ndipo madoko awiri sapereka ziro yofanana ndendende. N'chifukwa chake mayiko oyandikana amatha kusiyana pa kukwera kwa mlatho umodzi wa pamalire.

Ellipsoid ndi chiyani?

Ndi chithunzi chosalala cha dziko lapansi, chonga dzungu lobulungira koma lophwatalala pang'ono pamwamba ndi pansi. Cha WGS84, chomwe GPS imagwiritsa ntchito, chimati kuchokera pakati pa dziko kufika ku equator ndi mamita 6,378,137, pomwe kufika kunsonga za kumpoto ndi kummwera n'kochepera ndi makilomita pafupifupi 21. Chilibe phiri, chilibe chigwa, sichidziwa mwala kapena madzi. Ubwino wake ndi woti kompyuta imachiwerengera mosavuta. Mapu athu akale anamangidwa pa china, cha Clarke 1880, m'dongosolo la Arc 1950, ndiye woika manambala a GPS pa mapu amenewo osawasintha amapezeka waphonya malo ndi mamita mazana angapo.

Nanga geoid?

Tiyambire pa chinthu chomwe mmisiri aliyense wa ku Ndirande amachidziwa: paipi yoonekera mkati, yothira madzi. Wina agwira mbali iyi pa ngodya ya nyumba, mnzake agwira mbali inayo, adikira madzi akhazikike, n'kulemba mzere ndi pensulo pomwe madzi alekezera. Mizere iwiriyo ili pa levulo imodzi. Palibe amene amatsutsana ndi paipi, chifukwa madzi sakondera.

Tsono tayerekezani kuti paipiyo ndi yaitali kwambiri, mbali imodzi yaviikidwa m'nyanja yamchere ku Beira, inayo yadutsa pansi pa dziko mpaka pansi pa msika wa Limbe. Kukanakhala kopanda mphepo, mafunde ndi zina zosokoneza, madzi a m'paipimo akanaima penapake pansi pa mapazi athu, pa mtunda woposa kilomita imodzi. Mutachita chimodzimodzi pena paliponse pa dziko lapansi n'kulumikiza malo onse omwe madzi aima, mupeza chinthu chokuta dziko lonse. Chimenecho ndiye geoid. Ndi nyanja yodekha yomwe yapitirira pansi pa mtunda, ndipo kukwera komwe kuli ndi tanthauzo kwa madzi n'kochokera pamenepo.

Geoid si yosalala. Miyala ya m'dziko siyolemera mofanana, ndipo pomwe pali miyala yolemera yambiri, madzi amakokeredwa pamenepo n'kutundumuka. Pomwe pali zopepuka amalowa m'kati. Kummwera kwa India, m'nyanja ya Indian Ocean, geoid ili pansi pa ellipsoid ndi mamita pafupifupi 106, pomwe kufupi ndi New Guinea ili pamwamba ndi mamita oposa 80. Zithunzi za pa intaneti zoonetsa dziko ngati mbatata yokumbidwa pa miyala amachita kukokomeza kuti muone. Mamita 100 pa makilomita 6,378 diso silingawaone. Carl Friedrich Gauss anafotokoza lingaliroli mu 1828, ndipo dzina loti geoid linadza ndi Johann Benedict Listing m'zaka za m'ma 1870.

Mphamvu yokoka ya dziko imasiyanadi malo ndi malo? Ndiye kuti thumba la chimanga limapepuka ndikalisamutsa?

Imasiyana, koma musadandaule za chimanga chanu. Ku equator chinthu chogwa chimawonjezera liwiro ndi mamita 9.780 pa sekondi m'sekondi iliyonse, pomwe kunsonga za dziko ndi 9.832. Thumba la makilogalamu 50 litayezedwa pa sikelo ya sipuling'i ku equator n'kukaliyezanso kunsongako, lingaoneke ngati lawonjezera magalamu pafupifupi 260. Kuchoka nalo ku Chikwawa kukwera ku Limbe lingapepuke ndi magalamu 10 kapena 15 basi, kadzanja kamodzi ka chimanga sikakwana n'komwe. Ndipo sikelo ya miyala, yoika mbali ziwiri, singaone kanthu, popeza mwala ndi thumba zapepukira limodzi.

Ife timayeza ndi muyezo wotchedwa milligal, dzina lochokera kwa Galileo. Mphamvu yonse ndi ma milligal pafupifupi 978,000 ku equator. Mukakwera mita imodzi m'malere imatsika ndi 0.3086. Zomwe timasaka ndi zotsalira zikachotsedwa zonse zodziwika kale: pano pakukoka kwambiri kapena pang'ono kuposa mmene pakanayenera kukokera? Chigwa cha Shire ndi nyanja yathu zili mu mng'alu waukulu wa kummawa kwa Africa, ndipo mng'aluwo wadzaza ndi mchenga, matope ndi madzi zomwe n'zopepuka poyerekeza ndi miyala yolimba ya mapiri a Mulanje, Zomba ndi zitunda zathuzi. Dziko lotere geoid yake siingakhale yogona phee.

Mumaiyeza bwanji?

Ndi chida chotchedwa gravimeter. Chofala kwambiri n'chonga kabokosi ka batire ya galimoto, mkati mwake muli kachinthu kolendewera pa sipuling'i yopyapyala. Pomwe dziko likukoka kwambiri sipuling'i imatamuka pang'ono, chidacho n'kuwerenga kutamukako. Za masiku ano, monga za Scintrex, zimamva ngakhale mutazichotsa pansi n'kuziika patebulo.

Ntchito yake imafuna munthu wodekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano mwambiwu ndi lamulo. Mumafika pa malo, mumakhazika kabokosi pa timiyendo take, mumapotokola timasikuluwu mpaka kakhale chilili, kenaka mumaima duu. Lole ikamadutsa mumsewu manambala amavina. Mphepo ikagwedeza mtengo wapafupi, mizu imagwedeza dothi, manambala n'kuvinanso. Ana akakuzungulirani, zomwe sizilephera, mumawapempha kuti aime kaye osadumphadumpha, ndipo iwo amaseka poganiza kuti mukuwanamiza. Chivomezi chochitika kutali kunja kwa dziko lino chimatha kukuwonongerani ola lathunthu.

Chidachi chili ndi khalidwe lina: sipuling'i imatopa, moti mukayeza malo amodzi m'mawa ndi madzulo manambala safanana. Choncho ulendo umayambira pa malo odziwika n'kukathera pomwepo, kuti kusunthako kugawidwe kwa malo onse a tsikulo. Mwezi ndi dzuwa nazo zimakoka, ndipo zimasintha zowerengazo ndi ma milligal ofika 0.3 pa tsiku; zimenezo zimachotsedwa ndi masamu. Pa malo alionse pamafunikanso GPS yabwino, chifukwa nambala ya mphamvu yokoka yopanda kukwera kwa malowo ndi yosathandiza.

Kabokosika kamangonena kusiyana kwa pano ndi apo. Chida chopereka nambala yeniyeni n'china, chachikulu ndi chodula, monga FG5: chimagwetsa kagalasi m'chubu chopanda mpweya kambirimbiri, kuwala kwa laser ndi wotchi yolondola kwambiri zikuyeza kagwedwe kake. Dziko limangofunika malo ochepa otere, ena onse n'kumatengera pamenepo. Kumapiri, m'madambo ndi panyanja komwe galimoto singafike, gravimeter imakwezedwa m'ndege kapena m'sitima.

Manambala amenewo amasanduka bwanji geoid?

Njira yake inatsegulidwa ndi George Gabriel Stokes mu 1849. Anaonetsa kuti mukadziwa kusiyana kwa mphamvu yokoka pa dziko lonse, mukhoza kuwerengera kutalikirana kwa geoid ndi ellipsoid pa malo alionse. Mawu oti dziko lonse ndiwo anavuta kwa zaka zoposa 100, chifukwa palibe amene anali atayeza nyanja zonse ndi zipululu zonse.

Lero ntchitoyi imagawidwa patatu. Masetilaiti amapereka maonekedwe aakuluakulu a geoid. Zoyeza za pansi ndi za m'ndege zimadzaza mabampu apakatikati. Mapu a pakompyuta oonetsa mapiri ndi zigwa amathandiza kuwerengera kukoka kwa phiri lililonse lapafupi. Owerengera amayamba achotsa gawo la masetilaiti ndi la mapiri pa zomwe zayezedwa, amawerengera chotsalacho, kenaka n'kubwezeretsa zomwe anachotsa zija. Pomaliza amapita ndi GPS pa zizindikiro zomwe kukwera kwake kunayezedwa kale ndi levulo, kuti aone ngati zikugwirizana.

Kuno kummwera pali chinthu chimodzi chomwe sitingachizembe. Mozambique watizungulira mbali zitatu, ndipo miyala ya ku Milange kapena ku Tete imakoka madzi a ku Mulanje ndi ku Mwanza mosafunsa pasipoti. Geoid yabwino ya Malawi imafuna manambala a kutsidya kwa malire. Mutu umodzi susenza denga, ndipo n'chifukwa chake akatswiri a mu Africa anayambitsa African Geoid Project, kuti mayiko aziika zoyeza zawo pamodzi.

Poti masetilaiti anayeza kale dziko lonse, tivutikiranji?

Anagwiradi ntchito yaikulu. GRACE, ya America ndi Germany, inali masetilaiti awiri otsogozana motalikirana makilomita pafupifupi 220, kuyambira 2002 mpaka 2017. Yakutsogolo ikayandikira dera lokoka kwambiri inkathamangirako pang'ono, mpata wa pakati pawo n'kusintha, ndipo kusinthako ndiko kunkayezedwa. GRACE-FO inatenga malo ake mu 2018. GOCE ya ku Ulaya inauluka motsika kwambiri, makilomita pafupifupi 250, kuyambira 2009 mpaka 2013.

Koma setilaiti imaona ngati munthu woima pa phiri la Michiru kuyang'ana mzinda: amaona Ndirande ndi Soche, saona ngalande ya kuseri kwa nyumba yanu. GOCE inkasiyanitsa zinthu zokula makilomita pafupifupi 100. M'dera la kukula kotere kuno mukhoza kulowa Sapitwa, wa mamita 3,002, pamodzi ndi madambo a kunsi kwa Shire, komwe kumalire a Nsanje dziko limatsika kufika mamita 37 okha. Zonsezo setilaiti imazisakaniza n'kutulutsa chapakati.

Ma geoid a dziko lonse omwe amabwera kale m'makina athu, EGM96 ndi EGM2008, anaphatikiza masetilaiti ndi zoyeza za pansi. EGM2008 imapereka nambala pa makilomita pafupifupi 9 alionse. Komwe kunali zoyeza zambiri, monga ku America, ku Ulaya ndi ku Australia, imalondola mpaka masentimita ochepa. M'madera ambiri a mu Africa zoyeza zinali zapatalipatali, mipata inachita kudzazidwa, ndipo kuphonya kwa masentimita makumi angapo si kwachilendo. Makina amakulemberanibe nambala yokongola yofika pa milimita. Chikomekome cha mkuyu.

Ndili ndi nambala ya GPS. Ndiisintha bwanji?

Samu yake ndi yaifupi: H = h − N. Apa h ndi kukwera kwa GPS kochokera pa ellipsoid, N ndi kutalikirana kwa geoid ndi ellipsoid pa malopo, ndipo H ndi kukwera komwe madzi amamvera. Kuno kwathu geoid ili pansi pa ellipsoid, ndiye N imakhala ndi chizindikiro cha kuchotsera. Tingopeka manambala ophunzirira: h ikhale 1,030.00, N ikhale −12.00. Kuchotsera nambala ya kuchotsera n'kuphatikiza, choncho H ndi 1,042.00. Wosokoneza chizindikirocho apeza 1,018.00, ndipo waphonya ndi mamita 24, kuwirikiza kawiri chomwe amafuna kukonza.

Zoterezi zinachitikapo kwa akatswiri enieni. Pa mlatho wa pa mtsinje wa Rhine ku Laufenburg, wolumikiza Germany ndi Switzerland, womwe unatha mu 2004, mbali imodzi inkawerengera kuchokera ku nyanja ya ku Amsterdam, inayo ku Marseille. Ankadziwa bwino kuti ziro zawo zimasiyana ndi masentimita 27. Pokonza anatembenuza chizindikiro, ndipo ntchito ili mkati kunapezeka kuti mbali ziwirizo zasemphana ndi masentimita 54.

Ndikungomanga nyumba pa puloti yanga ku Machinjiri. Zimenezi zikundikhudza?

Pa maziko a nyumba, ayi. Pa mamita 30 geoid sisintha moti n'kuioneka, ndipo paipi ya madzi ya mmisiri wanu ikukwanirani, monganso mlimi woika akalozera m'munda mwake ndi chingwe ndi kalevulo safuna setilaiti. Zidazi zimamvera mphamvu yokoka mwa izo zokha. Zimayamba kukukhudzani pomwe nyumba yanu ikuyenera kulumikizana ndi ntchito ya ena: ngalande ya mumsewu, paipi ya zonyansa, thanki yomwe ili paphiri.

Ndiye ndi ntchito ziti zomwe geoid yolakwika ingawononge?

Iliyonse yomwe madzi akuyenera kuyenda okha mtunda wautali. Mzinda wathu umadziwa mtengo wa kukwera kuposa mizinda yambiri: madzi ochuluka omwe timamwa amachokera mu Shire ku Walker's Ferry, makilomita pafupifupi 40 kuchokera m'tauni, ndipo amapopedwa kukwera mamita pafupifupi 800 kudzera ku Chileka. Mita iliyonse ndi magetsi olipira. Pa mapampu aakulu chonchi theka la mita silipha ntchito, koma pa ngalande ya ulimi wothirira, ngati yaikulu ija yochokera ku Kapichira kutsikira m'chigwa cha Shire, nkhani ndi ina. Ngalande zotere zimatsetsereka pang'ono zedi. M'mbali mwa zitunda, geoid ikangopendekeka ndi masekondi 10 a digiri poyerekeza ndi ellipsoid, ndiye masentimita pafupifupi 5 pa kilomita iliyonse. Ngati ngalande inakonzedwa kuti izitsika masentimita 15 pa kilomita, gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsetse chake latha, kapena lawonjezeka, popanda wina kudziwa.

Mapu a madzi osefukira ndi chimodzimodzi. Pa chidikha cha Chikwawa ndi Nsanje, theka la mita limatanthauza mtunda wautali wa midzi ndi minda. Titaona za Januwale 2015, za namondwe Ana mu 2022 ndi za namondwe Freddy mu Malichi 2023, funso loti sukulu kapena malo othawirako amangidwe pati silofunika kuliyankha mongoyerekeza.

Ine ndinaphunzira pa ntchito yaing'ono. Inali ngalande ya mvula m'dera lina la mzinda uno, ndipo magulu awiri tinayamba kumbali zosiyana kuti tikakumane pakati. Anzathu anali ndi makina awo, ife athu, onse abwino. Palibe anafunsa mnzake kuti mkati mwa makinawo muli geoid iti, ndipo ineyo sindinaumirire kuti tonse tikayambire pa chizindikiro chimodzi, poti nthawi inali itatha ndipo simenti inali itafika kale. Pokumana, mbali ya kumunsi inali pamwamba pa ya kumtunda ndi pafupifupi utali wa mkono kuchokera pa chigongono. Mvula yoyamba itagwa, madzi anangodikha pamenepo, ofiira, atanyamula majumbo ndi zikonyo, n'kuyamba kulowera pa khonde la nyumba yapafupi. Mayi wachikulire wa panyumbapo anatuluka atafunda chitenje kumutu, nayang'ana madziwo nthawi yaitali asanalankhule.

"Ana anga, madziwa munawauza kuti apite kuti?"

"Pepani amayi, tikonza."

"Mukonzedi. Madzi saiwala khwawa. Mukawatsekera njira abwera kwa ine."

Tinaswa konkire ya mamita ambiri. Kuyambira tsiku limenelo, pa ntchito iliyonse ndimayamba ndakhazika makina onse pa chizindikiro chimodzi, aliyense awerenge mokweza nambala yomwe wapeza.

Bwanji osangopitiriza ndi levulo ndi ndodo monga ankachitira akale?

Levulo sinathe ntchito, ndipo pa mtunda waufupi palibe choiposa. Koma imayenda ngati tsokonombwe, kutha mtunda n'kudumpha. Taganizani zotsika nayo msewu wa ku Chikwawa mpaka pa Thabwa. Pa chitsetse, kukhazika chida kamodzi kumakutsitsani mamita atatu okha kapena kuchepera, chifukwa ndodo ili ndi polekezera. Mamita 900 ndiye kukhazika kosachepera 300, m'makhotakhota momwe malole amatsika akununkha mabuleki, kenaka n'kubwereranso kukwera kuti mutsimikize. GPS yabwino pamodzi ndi geoid yabwino zingakupatseni yankho tsiku limodzi.

Komanso pa mtunda wautali levulo nayo imafuna mphamvu yokoka. Malevulo a dziko sayenda motalikirana mofanana ngati mizere ya m'kope. Pena amayandikana, pena amatalikirana. Mukachoka ku Blantyre kupita ku Liwonde kudzera ku Zomba, wina n'kudzera ku Zalewa, nonse osalakwitsa kanthu, mayankho anu sangafanane ndendende mpaka mutaikamo zoyeza za gravimeter. Mayiko ena anafika posintha poyambira penipenipo: New Zealand mu 2009 ndi Canada mu 2013 anakhazikitsa kukwera kwa dziko lawo pa geoid, m'malo modalira mizere ya levulo yokha. Ine ndimakhulupirira kuti ifenso njira yathu ndi yomweyo, chifukwa dziko la ndalama zochepa silingakwanitse kuyendanso ndi ndodo msewu uliwonse.

Ndege za Kauniuni zija sizinayeze zomwezi?

Mbali ina. Kauniuni, kafukufuku wa boma wochitika ndi ndege mu 2013 ndi 2014, cholinga chake chinali migodi: ndegezo zinayeza maginito a miyala ndi cheza chochokera m'nthaka, ndipo mphamvu yokoka inayezedwa m'madera osankhidwa. Zoyeza zotere, zomwe zili m'manja mwa a Geological Survey ku Zomba, n'zothandizanso kwa wopanga geoid, chifukwa nambala yomwe imauza wa migodi kuti pansi pali mwala wolemera ndi yomweyo yomwe imauza saveya kuti geoid yatundumuka. Kusiyana kwake n'koti wa migodi amalunjika pomwe akuyembekeza chuma, pomwe geoid imafuna dziko lonse mofanana, ndi malo opanda mgodi omwe.

Kachitsulo kali pa mlatho kapena chipilala cha pamwamba pa phiri, n'zoona kuti pansi pake pali chuma?

Ayi, ndipo apa ndikupempha ndi mtima wonse. Mphekesera yoti azungu anakwirira mekyule kapena ndalama pansi pa zipilala za savei yagwetsa zizindikiro zomwe anthu anavutika nazo miyezi, atasenza simenti ndi madzi pamutu kukwera mapiri. Pansi pake pali konkire ndi kachitsulo ka mtengo wosakwana botolo la mafuta ophikira. Chuma chake ndi nambala yolembedwa m'mabuku a Dipatimenti ya Savei, ndipo nambalayo imagwira ntchito pokhapokha kachitsuloko kali pomwe kanaikidwa. Kakasunthidwa ngakhale pang'ono, katha. Zina zimapita ndi ogula zitsulo zakutha, zina ndi makatapila pokuza msewu. Chizindikiro chilichonse chotayika ndi malo amodzi ochepa oyesera ngati geoid yathu ikunena zoona. Mukaona makina okumba akuyandikira chimodzi, uzani woyang'anira ntchitoyo kuti aitane saveya achisamutse mwa dongosolo chisanagumulidwe.

Wachinyamata wofuna ntchito imeneyi ayambire pati?

Pa masamu ndi fizikisi, ku sekondale komweko. Kuno ku Blantyre maphunziro a savei ali ku yunivesite ya MUBAS, yomwe ambiri timaitchulabe Poly. Odziwa kudina mabatani a GPS achuluka; omwe tikuwasowa ndi omvetsa chomwe batanilo likuchita.

Ndalemba saveya ntchito. Ndimufunse chiyani kuti ndisagwe m'mavuto?

Simufunika kudziwa masamu a Stokes. Mufunseni mwaulemu kuti kukwera komwe walemba n'kochokera pa ellipsoid kapena pa mulingo wa nyanja. Akati pa nyanja, funsani kuti wagwiritsa geoid iti, ndipo dzina lake alilembe pa pulani pomwepo, osati kungokuuzani pakamwa. Funsani chizindikiro cha boma chomwe anayesererapo makina ake, ndi kusiyana komwe anapeza. Ngati mapu ajambulidwa ndi drone, funsani za malo a pansi omwe anayezedwa kuti zithunzizo zimangiriridwepo. Saveya wodziwa ntchito sakwiya ndi mafunso amenewa.

Ndipo asanachoke, akusiyireni zizindikiro ziwiri kapena zitatu pa malo olimba, msomali wa chitsulo m'konkire kapena pa thanthwe, kutali ndi pomwe adzatsitsire mchenga ndi njerwa, nambala yake italembedwa ndi penti pambali ndiponso papepala lomwe musunge pamodzi ndi zikalata za puloti. Wodzakumba ngalande chaka chamawa adzayambire pa msomali womwewo.